Spanala Yomwe Inauluka Zaka Khumi ndi Chimodzi

Dzina lawo lenileni linalipo, koma linangotsala pa chiphaso cha ntchito. Kushedi ya ndege aliyense ankawaitana a Werengani, chifukwa kwa zaka makumi atatu mawu awo otsekera tsiku anali omwewo: werengani zida. Ndiwo anali mkulu wa amakaniko, munthu wosaseka msanga, woti ukamupatsa moni amayamba wakuyang'ana m'manja kuti aone chomwe wanyamula.

Pakhoma la shediyo panali bolodi lalikulu loyera. Chida chilichonse chinali ndi msomali wake ndi chithunzi chake chojambulidwa ndi penti wofiira. Makaniko akafuna spanala ankaichotsa pamsomali n'kukolekapo kakobiri kamkuwa kolembedwa nambala yake. Akabweza spanala, ankatenga kakobiri kake. Madzulo msomali umodzi ukapezeka uli ndi kakobiri m'malo mwa chida, helikopita sinkauluka, ngakhale manijala agwade. Chifukwa chake chinali chomveka. Spanala yoiwalika m'mimba mwa ndege ikhoza kukatsakamira pa ndodo zowongolera, ndipo kumwamba kulibe m'mbali mwa msewu moti munthu n'kuima kaye.

A Werengani anagwirapo mitundu yonse itatu ya helikopita yaing'ono ija, ndipo ankakonda kuifotokoza ngakhale kwa munthu amene sanafunse. Woyamba unali kabokosi kagalasi ka mipando iwiri, injini yake yosasiyana kwenikweni ndi ya galimoto. Ntchito yake inali kupopera mankhwala m'minda, ndipo dzuwa likaswa mtengo kankakana kunyamula munthu wonenepa. Wachiwiri anautalikitsa thupi, n'kuuika injini yolira ngati likhweru, mipando isanu ndi chitseko chotsetsereka choti machira alowe ndi wodwala wake. Wachitatu unabwera ndi mapiko anayi m'malo mwa awiri, mawotchi onse a kutsogolo kwa woyendetsa atasanduka magalasi a kompyuta. Umenewu sankaukonda. Ankati ndege yodziuza yokha pomwe ikudwala imalesa amakaniko.

Mtima wawo unali pa imodzi ya mtundu wachiwiri, yomwe ankaitcha Bulu. Dzinali linamuyenera. Bulu anathamangitsapo dzombe, anayenderapo mawaya a magetsi m'mapiri, anakokapo matumba a simenti pa chingwe kupita nawo pamwamba pomwe ankamanga nsanja ya mafoni, ndipo zaka zaposachedwa ankanyamula odwala ochokera kumalo komwe msewu umatha mvula ikagwa. Tsopano kampani inaganiza zomuvula zonse mpaka atsale mafupa okhaokha, kuti amuike mawaya ndi zipangizo za mtundu wachitatu. Imeneyi ndiyo inali ntchito yomaliza ya a Werengani. Lachisanu ankapuma pantchito.

Lachitatu m'mawa thanki ya mafuta inatulutsidwa. A Werengani analowa okha pansi pa mipando yakumbuyo ndi tochi, kuti aone ngati dzimbiri linadya penapake. Pampata wopapatiza, pakati pa pomwe pamakhala thanki ndi chitsulo cha m'nthiti mwa ndege, china chake chinanyezimira. Analowetsa zala ziwiri n'kuchikoka. Chinali spanala ya nambala khumi. Pachogwirira pake panali pokulungidwa kansalu kakuda ndi girisi, koma timaluwa tachikasu tinkaonekabe.

Anaizindikira nthawi yomweyo. M'shedi monse munthu wokulunga nsalu pa spanala anali mmodzi yekha, ndipo ankatero kuti asakande mapaipi a mafuta. Nsaluyo inali ya katani yakale ya pabalaza pawo, yomwe akazi awo anang'amba timizeremizere. Mfundo yake inali yawo, yomanga kawiri n'kupindira kunsi.

Anagona pomwepo chagada kwa nthawi, tochi ikuwala padenga la ndege. Manyazi anawagwira moti ngakhale Bulu, chitsulo chopanda maso, analephera kumuyang'ana.

Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo spanala imeneyi inasowa, ndipo pamsomali wake panapezeka kakobiri ka nambala seveni. Nambala seveni anali mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, yemwe iwo omwe anamulowetsa ntchito. Anali kale bambo wa ana awiri, makaniko wa manja abwino woti nati akaimanga sumabwerezanso. Mlamuyo ananena kuti sakukumbuka kuti anatenga spanalayo. Sananene kuti sanaitenge, anangoti sakukumbuka, chifukwa anali munthu woona mtima mopitirira muyeso. Bulu anaima masiku anayi, dzombe likudya minda ya anthu. Anafunafuna paliponse, mpaka m'ngalande za madzi ndi m'migolo ya zinyalala. Wina ananena kuti atulutsenso thanki, popeza inali itangobwezeretsedwa dzulo lake. A Werengani anamudzudzula pamaso pa onse. Anati kumeneko anagwirako okha, ndipo iwo saiwala chida.

Komiti inakhala, ndipo a Werengani anali m'komitimo. Anthu ankayembekeza kuti aikira kumbuyo mlamu wawo, koma iwo ananena kuti lamulo lilibe chibale. Anthu anawatamanda kwambiri pa mawu amenewo. Mlamu anachotsedwa ntchito, kakobiri kake kanamatidwa pa lipoti n'kutsekeredwa m'fayilo ya kwa manijala, ndipo a Werengani anasayina ndi dzanja lawo kuti m'ndegemo mulibe chida chilichonse.

Chinawawawa kwambiri pansi pa mipando paja n'chakuti zonse zinabwerera m'mutu mwawo mosavuta, ngati zinangokhala kuseri kwa chitseko kudikirira. Tsiku lija timakobiri tawo anatiiwala m'thumba la ovololo ina yomwe inapita kochapa. Anafika pabolodi ali pachangu, anaona timakobiri ta mlamu tili pabenchi, anatolapo kamodzi. Mkulu sapempha kwa wamng'ono, amangotenga. Ndipo kunena zoona, ngakhale nthawi ya komiti ija kanthu kena kankawagogoda mumtima. Anakauza kuti kakhale chete, ndipo kanamvera.

Panja wina anaitana kufunsa ngati dzimbiri lilipo. Anayankha kuti kulibe, n'kuponya spanala ija m'thumba la ovololo. Munthu wa werengani zida anatuluka m'shedi tsiku limenelo ndi chida cha kampani m'thumba, koyamba m'moyo wake.

Kunyumba akazi awo anali kusita malaya oyera a Lachisanu. Ankacheza mosangalala, kuwerenga abale omwe adzabwere kumwambo wotsanzikana. Anati mlongo wawo nayenso wavomera, atseka kashedi kake theka la tsiku. Kenako anaseka n'kunena kuti bola akamusechetu pageti potuluka, angatengenso spanala ina.

Imeneyi inali nthabwala ya banja lonse. Supuni ikasowa patebulo ana ankati afunseni amalume. Kumsika komwe mlamu anatsegula kashedi kokonzerako majenereta, anthu ankangoti kwa Spanala, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe komwe dzinalo linachokera. Mwini wake ankaseka nawo. A Werengani nawonso ankaseka, kuseka kwa munthu wamkulu amene wakhululuka. Ndiwo anamugulira bokosi loyamba la zida pomwe ankayamba kashediko, ndipo akazi awo sankatopa kuuza anthu za mtima wabwino wa amuna awo.

Madzulo amenewo chakudya chinawakanika. Akazi awo anati ndi chisoni chosiya ntchito, anawasisita paphewa, ndipo iwo anavomera bodzalo ndi mutu. Ovololo sanaipereke kochapa. Anaipinda okha n'kuiika pansi pa bedi ngati mwana wobisa buluku lonyowa.

Lachinayi anayesa njira zonse m'mutu. Kuseri kwa shedi kunali dzenje lotayamo zitsulo zakutha, ndipo anakaimapo kawiri, dzanja lili m'thumba. Akanangotsegula zala, nkhani ikanathera pompo. Ndani akanadziwa? Madzi akatayika saoleka, anadziuza choncho, ndipo mlamu anazolowera kale moyo wake. Koma dzanja linakana kutuluka.

Masana Kaputeni anabwera kudzaona Bulu wake ali mbulanda. Anali mayi wamfupi wolankhula mofulumira, amene anaulutsa Bulu zaka zisanu ndi zitatu. Anayenda mozungulira mafupa a ndegeyo akuigwiragwira, akukumbutsa a Werengani za tsiku lomwe anatera pabwalo la sukulu mphepo ikuwomba cham'mbali, kudzatenga mayi woyembekezera mapasa, ndi tsiku lina lomwe anatsika m'chigwa chopapatiza kukanyamula amisiri awiri ogwa pansanja. Anati pa maulendo onsewo sanaopepo ngakhale kamodzi, chifukwa ankadziwa dzanja lomwe linasayina pepala.

A Werengani anangoyang'ana pansi. M'mutu mwawo ankaona spanala ija ikunjenjemera pampata paja ulendo uliwonse, utali wa dzanja limodzi kuchoka pa ndodo zowongolera, mayi wa mapasa ali pamachira pamwamba pake penipeni. Inangotsakamira bwino mwa mwayi. Ulemu wawo wonse wa zaka khumi ndi chimodzi unali utatsamira pa kansalu ka katani komwe kanaletsa chitsulo kuterereka.

Lachisanu anakonza mipando m'shedi momwemo, pafupi ndi Bulu. Panali zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi keke yojambulidwa helikopita yopindika mchira. A Werengani anavala malaya oyera aja ndi jekete, ndipo spanala anaisamutsira m'thumba lam'kati. Anali atatsimikiza mtima kuti anena. Anakonza ngakhale mawu ake m'bafa m'mawa.

Manijala analankhula nthawi yaitali, monga amachitira amanijala. Anafotokoza mbiri ya kampani kuyambira pa kabokosi kagalasi kaja mpaka pa mapiko anayi, n'kunena kuti ndege zasintha katatu koma chinthu chimodzi sichinasinthe. Analoza a Werengani. Anati zaka makumi atatu, munthu uyu sanatayepo ngakhale kawasha ka bawuti kamodzi, ndipo tsiku lina atapatsidwa kusankha pakati pa chibale ndi chitetezo cha anthu, anasankha chitetezo. Sanatchule dzina, koma mitu ingapo inatembenuka. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, mlamu anali ataima ndi jekete yothina m'mapewa. Anamwetulira, n'kuyamba iye kuwomba m'manja.

Itafika nthawi yawo, a Werengani anaimirira. Anaona akazi awo kutsogolo akupukuta misozi, ana awo atanyamula mafoni m'mwamba, amakaniko omwe anawaphunzitsa atafola ngati asilikali. Dzanja linapita pachifuwa, linakhudza chitsulo chija kudzera pansalu. Anthu anaganiza kuti akugwira mtima. Anatsegula pakamwa, ndipo mawu onse a m'bafa aja anathawa.

"Werengani zida," anatero.

Shedi yonse inaphulika ndi kuseka ndi m'manja. Anthu anati ndi mawu abwino kwambiri otsanzikira omwe anamvapo. Potuluka mlamu anabwera kudzawagwira chanza ndi manja awiri, n'kuwauza kuti apume bwino, agwira ntchito yooneka. A Werengani analakalaka pansi patang'ambika.

Loweruka m'mawa anauza akazi awo kuti akukawongola miyendo. Kashedi ka mlamu kanali kumapeto kwa msika, pakati pa wowotcherera mageti ndi mayi wogulitsa ndowa zapulasitiki. Kunja kunali majenereta atatu ndi pampu yamadzi yotsegulidwa pamimba. A Werengani anali atadutsapo kambirimbiri, koma nthawi zonse ankaimira panja, kupereka moni n'kumapita. Tsiku limeneli analowa.

Pakhoma lam'kati panali bolodi loyera. Misomali, zithunzi za penti wofiira, zonse ngati kushedi ya ndege, kungoti laling'ono. Pa waya pambali panali timakobiri todulidwa kuchokera ku chitini. Munthu ankagwira ntchito yekhayekha, koma pamisomali iwiri panali timakobiri, ndipo zida ziwirizo zinali m'manja mwake.

Mlamu anawapukutira mpando ndi chipewa chake. Ataona kuti maso awo ali pabolodi, anaseka mwamanyazi. Anati ndi mankhwala a mutu wake woiwalaiwala. Amawerenga katatu patsiku, ndipo nthawi zina akafika kunyumba amabwereranso kudzaonetsetsa.

A Werengani sanakhale pampando. Anatulutsa spanala ija n'kuiika pabenchi, pakati pa mabawuti.

"Yapezeka Lachitatu, kuseri kwa thanki," anatero. "Kakobiri kanu ndinatenga ndine, alamu. Tanga ndinatiiwala m'ovololo ina. Spanala ndinasiyamo ndine."

Mlamu anaika pansi zida zomwe ananyamula. Sanaigwire msanga spanalayo. Anawerama n'kuiyang'anitsitsa, kenako anakanda kansalu kaja ndi chikhadabo mpaka kaluwa kachikasu kanaoneka bwino. Katani imeneyo ankaidziwa. Anagonapo pabalaza limenelo miyezi isanu ndi umodzi pomwe ankayamba ntchito.

A Werengani ankayembekeza kutukwanidwa, ndipo mwina ankakufuna. Akanalola ngakhale kumenyedwa khofi. Koma mlamu anangokhala pansi pa jenereta, n'kutambasula manja ake pamaondo, kuwayang'ana kuseri ndi m'kati ngati ndi a munthu wina amene wangobwerekedwa.

"Ndiye kuti manja angawa analibe vuto," ananena motsitsa. Sanali kufunsa iwo.

Kenako anayamba kufotokoza, mosakweza mawu, ngati akunena za nyengo. Anati kampani ina ya ndege inamuitana kawiri, anthu omwe ankamudziwa kale ndipo nkhani ya spanala sinawadetse nkhawa. Anakana. Ankadzifunsa kuti munthu amene angatenge chida, n'kuchitaya, osakumbuka ngakhale kuti anachigwira, adzaiwala chiyani mawa? Anati ngakhale mabuleki a galimoto salola kukonza, anthu amabwera nawo iye n'kuwatumiza kwina. Njinga ya mwana wake yemwe amakakonzetsa kwa wina. Anasankha majenereta ndi mapampu chifukwa zimenezi zikafa, anthu amangokhala mumdima kapena kukatunga kuchitsime, safa. Anati nthabwala za supuni zija sizinkamupweteka kwenikweni, popeza ankaona kuti ana akunena zoona.

Liwu lililonse linkawalowa a Werengani ngati minga. Iwo ankaganiza kuti anamulanda ntchito, chinthu choti munthu amapeza china. Sanadziwe kuti anamulanda manja. Anayesa kunena za kukhululuka, koma mawuwo anamveka aang'ono moti anawameza asanathe. M'malo mwake ananena zopusa. Anati spanalayo aisunge, ndi yake tsopano, achite nayo zomwe akufuna, ngakhale kuionetsa kwa anthu.

Mlamu anapukusa mutu. Anaitola, anaitembenuza kamodzi, n'kuibweza kwa iwo chogwirira chili kutsogolo, monga amapatsirana amakaniko.

"Si yanga iyi, alamu. Ili ndi msomali wake," anatero. "Lamulo munatiphunzitsa ndinu. Chida chikabwerera, kakobiri kabwerere kwa mwini wake. Kanga kali m'fayilo kwa a manijala. Mukanditengere."

A Werengani anamvetsa zonse zomwe zinali m'mawu amenewo. Kunali kukagogoda pa ofesi Lolemba, keke isanathe n'komwe m'firiji. Kunali kukaima pamaso pa Kaputeni, ndi pamaso pa amakaniko aja omwe anafola ngati asilikali. Fayilo ikatsegulidwa, pepala lomwe anasayina lidzatuluka limodzi ndi kakobiri. Mlandu suola, ndipo uwu unali utangosungidwa bwino m'girisi.

Anavomera ndi mutu n'kuilandira spanalayo. Dzanja linayamba lokha kupita nayo kuthumba la jekete, koma mlamu analiyang'ana, ndipo linaima panjira.

"Nsaluyo musaichotse," anatero mlamu, akutola kale zida zake ziwiri zija. "Ndipo muyambire kwa mlongo wanga. Katani inali yake."

A Werengani anatuluka. Wowotcherera mageti anawapatsa moni wa ulemu, powadziwa kuti ndi bambo wa ndege uja, ndipo mayi wa ndowa anawafunira mpumulo wabwino. Anayankha onse osadziwa chomwe akuyankha. Asanakhote anacheuka. Mlamu anali ataima pabolodi lake, akubweza zida pamisomali. Anatenga timakobiri tiwiri tija, anatiyang'ana m'dzanja kwa kanthawi, ndipo mwa chizolowezi anayamba kuwerenga zida kuchokera kumanzere.

Msewu wa kunyumba unali waufupi kuposa masiku onse. Akazi awo anali panja akuyanika zovala, malaya oyera aja ali pakati pa chingwe. Anawaona akubwera n'kuyamba kumwetulira, pakamwa patakonzeka kale ndi nthabwala, mwina yofunsa ngati munthu wopuma pantchito wayamba kale kutola zitsulo m'misewu. Kenako maso awo anatsikira pa dzanja, pa timaluwa tachikasu, ndipo chovala chonyowa chomwe ananyamula chinatsalira m'mwamba.

A Werengani anatsegula geti ndi dzanja lamanzere, chifukwa lamanja linali ndi spanala.